Phazi Lachisanu ndi Chinayi la Nyimbo ya Nabla

Meenadreen,
Ardara,
Lachitatu, 10 Juni

Wokondedwa mlongo wanga Manus,

Sorcha wakhoza mayeso oimba vayolini a ku koleji ya Ardmoyle. Kalata yafika dzulo m'mawa. Pa mamalikisi 200 wapeza 188, ndipo akuti akangokhoza bwino mayeso a kusukulu amene akulemba panowa, malo ake alipo. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndi zomwe wakhala ukudikira. Koma usayembekezere kuti ndikuyamikira.

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ku Perth kumeneko. Mlamu wanga Grainne ali bwanji, msana uja unaleka? Nanga mapasa anazolowera sukulu yatsopano? Kuno tilipo. Bambo akudya bwino, akuyenda kukafika kuchipata ndi kubwerako, ndipo mapilisi a mtima akumwa ndikawaimirira pamutu. Mwana wako wawonda pang'ono, koma si matenda.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni umandidula mawu ndisanafike pakati. Pepala sungalidule. Uwerenge mpaka kumapeto, chifukwa kumapetoko kuli mlandu wanga, osati wako wokha.

Ndikukumbutse zimene ukuzidziwa kale, popeza zikuoneka kuti dzuwa la kumeneko lazisungunula. Kwathu kuno nyimbo sitigula. Munthu amakukhazika pansi, amakuimbira kakhumi, kamakumi awiri, mpaka zala zako zitaigwira. Malipiro ake ndi amodzi okha: wina akakufunsa kumene unaitenga, umatchula dzina la amene anakupatsa. Bambo samayamba nyimbo osanena kaye kuti iyi ndinaitenga kwa uje, iye anaitenga kwa uje. Tili ana tinkatopa nazo. Iwe unkawatsanzira kuseri kwa khola, ukukumbuka.

Ukukumbukanso nyimbo ya Nabla, azakhali awo a Bambo aja, amene sanagwirepo vayolini moyo wawo wonse koma ankaimbira anthu ovina ndi pakamwa pokha. Nyimbo zonse za mtundu umenewu ukaziwerenga ndi phazi, chigawo chilichonse chimathera pa kasanu ndi katatu. Ya Nabla chigawo chachiwiri chimathera pa kasanu ndi kanayi. Pali phazi limodzi lowonjezera. Sorcha anaiphunzira choncho ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, atakhala pa kampando kokamira ng'ombe kaja.

Tsopano zimene zachitika, motsatana kwake.

Mu Febuluwale ndinamuperekeza ku Carrickbane, koleji yaing'ono ija, kukayesedwa. Anaimba ya Nabla monga anaiphunzirira. Mayi wina mwa oyesawo anamuimitsa, n'kumuuza kuti abwereze chigawo chachiwiri, iye akuwerenga ndi phazi pansi pa tebulo. Kenako anamufunsa kumene anaitenga. Sorcha anatchula agogo ake, n'kutchulanso Nabla. Mayiyo anafunsa kalembedwe ka dzinalo, analilemba. Kumenekonso anakhoza, ndi mamalikisi ocheperapo, ndipo iwe pa foni unati kumeneko n'kongoyeserera.

Sabata yomweyo kunafika phukusi lochokera kwa iwe. Munali buku la Dokotala Ultan Kinsella, mkulu wa maphunziro a vayolini ku Ardmoyle. Sorcha anandipempha kiyi wa kachipinda ka kumbuyo kwa laibulale kumene ndimagwira ntchito, akuti azikakonzekerera kumeneko akaweruka kuti asamasokose agogo ake. Ndinamupatsa, ndikudziyesa azakhali abwino. Sindinafunse chifukwa chake mwana amene waimba pamaso pa agogo ake moyo wake wonse ayambe lero kubisala.

Mu Epulo anapita ku Ardmoyle. Atabwerako ndinamufunsa mmene zayendera, anangoti bwino, n'kukwera kuchipinda. Kuchokera pamenepo Bambo akati tiyeni ya Nabla, iye ankazemba. Lero chala chikupweteka, mawa pali zowerenga.

Lamlungu lapitali kuzemba kunatha. Titachokera ku Misa, titadya, Bambo anatsegula bokosi la vayolini, amvekere: "Iwe mtsikana, mabukuwo sathawa. Bwera kuno tione ngati zala zikadalipo, kapena zinathera pa foni." Anaimba ziwiri bwinobwino. Kenako Bambo anangolowa ya Nabla osamuchenjeza. Chigawo choyamba anayendera limodzi. Pa chachiwiri Sorcha anatha msanga, n'kubwerera koyambira, Bambo akadali pa phazi lomaliza lija. Mavayolini awiri anawombana ngati zitseko pamphepo.

Ukudziwa kuti Bambo samva wailesi, samva dokotala, samva ine. Koma phazi losowalo analimva.

Poyamba anaseka. Amvekere: "Ukuthamangira kuti, basi ya ku Killybegs ikukusiya? Wawasiya a Nabla pakhomo, bwerera ukawatenge." Anayambanso. Zinachitikanso chimodzimodzi. Kachitatu ndinaona Sorcha akuwerenga ndi milomo, nkhope ili gwa, koma dzanja linadumphabe lokha. Apa Bambo anatsitsa uta woimbira vayolini. Anamufunsa, mopanda kukweza mawu, kuti ndani wamupatsa nyimbo yoduka mwendoyi.

Anaulula zonse, ine ndili kusinki ndikutsuka mbale. Anati iwe unakumana ndi munthu wina kumeneko amene anaphunzira ku Ardmoyle, ndipo anakuuza kuti Kinsella sakonda chilichonse kuposa kumva zochokera m'buku lake. Anati unamuuza kuti atsegule tsamba 64, pali nyimbo yofanana ndi yathu, aiphunzire mmene yalembedwera. Ndipo akafunsidwa kumene anaitenga, anene kuti m'bukumo. Mawu ako enieni, monga anawabwerezera, ndi awa: "Mdalayo sadziwa, ndipo Nabla anafa kalekale, sadandaula."

Ndalitsegula tsamba 64. Nyimboyo ndi ya Nabla, yonse yathunthu, kupatula phazi lachisanu ndi chinayi limene lachotsedwa. Pamwamba palembedwa kuti ndi nyimbo ya kumapiri a kumpoto, mwini wake sadziwika, yokonzedwa ndi U. Kinsella. M'munsi muli mawu ang'onoang'ono onena kuti anthu a kumeneko ankaiimba molakwitsa kawerengedwe.

Sorcha anati atatha kuimba tsiku la mayesolo, Kinsella anamufunsadi. Iye anayankha monga unamuuzira. Kinsellayo anasangalala, anatembenukira anzake awiri n'kunena kuti uyu ndiye wophunzira, amawerenga. Kenako anawonjezera kuti nkhalamba za kwathu kuno ku Donegal zinali ndi manja abwino, koma kuwerenga mpaka eyiti kunkazivuta, makamaka botolo likafika pakati. Anzakewo anaseka. Ndipo apa ndi pamene mwana wako analira, Manus. Anati: "Agogo, inenso ndinaseka nawo."

Bambo sanamukalipire. Anangofunsa ngati munthu ameneyu anavinapo m'khitchini, kapena amavinira papepala. Kenako anapukuta uta, anatseka bokosi, n'kumuuza kuti: "Ukalipeza phazilo pamene unalitaya, ubwere tidzaimbe." Kuyambira Lamlungu bokosilo silinatsegulidwe. Masiku atatu Bambo osagwira vayolini, chichitikireni maliro a Amayi sindinazionepo.

Madzulo a Lamlungulo Sorcha anandiuza mawu amene ndikufuna uwamve. Anati: "Azakhali, bodza ndinanena limodzi lokha, koma ndinaliyeserera miyezi iwiri. Pano lili m'dzanja, sindikudziwa polichotsera."

Umandidziwa, sindikhulupirira chinthu chifukwa choti ananena ndi akuluakulu. Nkhani yoti Nabla anawonjezera phazi chifukwa cha khitchini ya nyumba yakale ndinkaiona ngati imodzi mwa nthano za Bambo. Ndiye Lolemba, nditamusiya Sorcha ku mayeso, ndinatenga tepi yoyezera n'kukwera kunyumba yakale. Packie woyandikana nafe uja amasungamo chakudya cha nkhosa masiku ano. Ndinamupeza komweko, ndinamuuza asunthe matumba, n'kumupempha kuti tivine.

Amvekere: "Treasa, zaka makumi atatu ndakhala ndikudikira kuti undipemphe gule, ndiye lero wabwera ndi tepi? Ukuyeza ine kapena nyumba?" Ndinamuuza kuti atseke pakamwa agwire m'chiuno. Tinavina, iye atavala majombo, ine ndikuimba ndi pakamwa ngati khwangwala.

Zotsatira zake nazi. Khitchiniyo ndi yaitali mamita asanu ndi limodzi ndi theka, ndipo khoma la pamene panali bedi la agogo limatulukira mkati pafupifupi mita imodzi. Anthu awiri akanyamuka pa moto kupita kukhomo ndi kubwerako, phazi lachisanu ndi chitatu limawasiya pa ngodya ya khomalo ndendende, mkazi atatsamira mwala. Lachisanu ndi chinayi ndi limene limawazungulitsa n'kuwabweza pamalo pawo. Tinayesa kanayi. Kawiri ndinaimba monga zilili m'buku, ndipo kawiri konseko chigongono changa chinagunda khoma. Chikadali chotupa.

Nabla sanalakwitse kuwerenga. Ankawerengera anthu amene ankawaona ndi maso, m'chipinda chimene ankachidziwa. Amene analakwitsa ndi munthu wa madigiri atatu amene sanafunse.

Sindikufuna unene kuti ndikukondera, choncho nazi zoona za mbali yako. Ardmoyle ndi yaikulu, ili ndi zipinda zojambulira nyimbo zimene Carrickbane ilibe. Ndawerenga malipoti a makoleji onse awiri: mwa omaliza ku Ardmoyle, ochuluka amapeza ntchito ya nyimbo chaka choyamba kuposa a ku Carrickbane. Kusiyanako si kwakukulu, koma kulipo. Carrickbane denga la holo yawo limadontha, ndinaona ndowa ziwiri ndi maso anga. Ndikudziwanso chifukwa chake ukulimbikira. Iwe unasiya vayolini uli ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri kukakwera sitima za nsomba, ndipo sufuna mwana wako adzaimbire alendo m'mabala kuti apeze ya buledi. Zimenezo si zoipa.

Koma nazi zoona zina. Ku Ardmoyle ophunzira onse a vayolini a chaka choyamba ndi chachiwiri amaphunzitsidwa ndi Kinsella mwiniwake, ndipo mayeso awo amachokera m'buku lomwelo. Zalembedwa m'kabuku kawo ka maphunziro, tsamba 12. Ndafananiza bukulo ndi nyimbo za Bambo zimene ndikuzidziwa. Zisanu ndi ziwiri ndi zathu, ndipo zinayi mwa izo zadulidwa kapena kuwongoledwa. Miyezi iwiri yamuchotsera Sorcha phazi limodzi. Werengera wekha zaka ziwiri.

Ndipo akapita kumeneko, apita ngati mtsikana uja amene anaphunzira m'buku. Tsiku lililonse adzayenera kukhala munthu ameneyo, kapena kuimirira pamaso pa mphunzitsi wake n'kunena kuti ndinakunamizani kuti mundilandire.

Chimene chikundinyansa si Kinsella kwenikweni. Anthu otola za eni n'kulembapo dzina lawo alipo m'ntchito iliyonse, ngakhale m'laibulale. Chikundinyansa n'choti mwana anali ndi chinthu chimodzi chimene ophunzira ena onse m'chipinda chija analibe, ndipo bambo ake omubereka anamuuza kuti achibise ngati nsabwe. Unamutuma akakane agogo ake ali moyo, ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndi zinayi, atamuphunzitsa ulere zaka khumi. Ndipo sunachite chifukwa choti mwanayo sakanakhoza. Anali atakhoza kale kwina, akunena zoona.

Tsopano mlandu wanga.

Sorcha atatha kuulula Lamlungu lija, Bambo anafunsa funso lina. Anati: "Koma Kinsella ameneyu si mnyamata wa jekete lachikopa uja anabwera kuno ndi makina ojambulira mawu? Ine ndinamukaniza. Ndinamuuza kuti akafuna nyimbo akhale pansi mwezi wathunthu ngati wina aliyense. Nanga ya Nabla anaitenga kuti?" Anafunsa akuyang'ana kudenga. Ine ndinapitiriza kutsuka mbale imene inali yoyera kale.

Anaitenga kwa ine.

Chinali chilimwe cha 1998, iwe uli kunyanja. Kinsella anali wophunzira chabe nthawi imeneyo, akuyendayenda m'midzi kutolera nyimbo. Bambo atamubweza, anabwera ku laibulale. Anabwera masiku anayi otsatizana. Ankadziwa mabuku amene ndinkawerenga, ndipo kuno kunalibe mwamuna wina amene ankawadziwa. Sindikometsera: ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo ndinapusa. Tsiku lachisanu ndinatenga kaseti ija Amayi anajambula Bambo pa Khirisimasi, imene inkakhala m'dirowa ya pansi pa wotchi, n'kumubwereka. Anati abweza pakatha sabata. Ananditumizira khadi limodzi lokha, lopanda adiresi.

Bambo ataisowa kasetiyo, ndinawasiya akhulupirire kuti inatayika posamutsa katundu popenta nyumba. Amayi anamwalira akudziimba mlandu kuti ndi iwo anaitaya. Buku litatuluka ndinaliona m'ndandanda wa mabuku atsopano, ndipo sindinaliitanitse ku laibulale yathu. Zaka zonsezi ndakhala ndikudziuza kuti sindinaliwerenge chifukwa chosowa nthawi. Nyimbo zisanu ndi ziwiri ndakuuza zija ndi zomwe zinali pa kasetiyo, motsatana momwemo.

Ndiye ukamawerenga mawu anga okalipa pamwambapa, udziwe kuti wolembayo si woyera. Iwe unamuuza mwana kuti akane dzina la Nabla tsiku limodzi. Ine ndinalipereka kwa wolifufuta, n'kukhala chete zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Ndikadziyang'ana pagalasi sabata ino ndikumva nseru yomweyo imene ndikumva ndikaganiza za iwe. Mlandu suwola, ndipo wathu watulukira m'dzanja la mwana amene sanalakwe.

Pempho langa ndi limodzi. Pa fomu yosankhira makoleji Sorcha anaika Ardmoyle pamwamba, Carrickbane yachiwiri, monga unamuuzira. Ukudziwa mmene zimayendera: akapatsidwa malo pa yapamwamba, yachiwiriyo imafufutika, palibenso kubwerera. Ndi mamalikisi amenewa adzapatsidwa ndithu. Mwayi wosintha ndandandawo ukutsekedwa Lachitatu pa 1 Julayi, 5 koloko madzulo nthawi ya kuno.

Ndinamufunsa dzulo, kalata ili pa tebulo, kuti iye mwini akufuna kuti. Anati Carrickbane, ndipo anayankha ndisanamalize funso. Ndinamuuza kuti fomuyo ndi yake, nambala yachinsinsi ndi yake, zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu anakwanitsa. Anati: "Azakhali, adadi amadzuka folo koloko kukagwira ntchito pa dzuwa lija chifukwa cha ine. Ndakhumudwitsa kale agogo. Ndikhumudwitsenso adadi mwezi womwewo?" Sasintha popanda mawu ako. Ndamuyesa njira zonse.

Sindikukupempha kuti umusankhire Carrickbane. Ukatero ndiye kuti wangosintha chingwe, mbuzi ikadali yomanga. Umuimbire, umuuze kuti unalakwitsa pomutuma kukanama, ndipo kuti kulikonse kumene aike pamwamba iwe udzakondwa. Unene mawu amenewo okha, kenako utseke pakamwa umumvere. Ndikudziwa kuti kutseka pakamwako n'kumene kudzakuvute. Akasankhabe Ardmoyle ndi mtima wake, ndidzamuperekeza ndekha ndi galimoto, ndipo sindidzanenapo kanthu.

Usaimbe pakati pa mayeso. Amaliza Lachinayi pa 18. Kalatayi ikuyenera kukupeza masiku omwewo, ndiye utsala ndi nthawi yokwanira.

Undiperekere moni kwa Grainne, ndipo umuwerengere kalatayi yonse, osadumpha ndime za iwe. Mapasa uwapsompsonere m'malo mwa azakhali awo. Packie akuti moni, akutinso ngati kumeneko kuli akazi ovina opanda tepi umutumizire mmodzi. Bambo ndawauza kuti ndikukulembera, ndipo anati ndikuuze kuti nkhosa zili bwino. Sanawonjezere china. Mulungu akusungeni nonse, akutetezenso pa ntchito yako.

Ine mbali yanga ndiichita Lamlungu likubwerali tikatha kudya. Ndidzawauza Bambo za kaseti, Sorcha ali pomwepo, kuti aone kuti munthu angathe kunena chinthu chotere n'kukhalabe ndi moyo. Ndikuyembekeza kuti Bambo sandilankhula mpaka nthawi yodula udzu itadutsa, ndipo mapilisi awo azidzawapatsa ndi Sorcha. Loweruka linalo, mayeso atatha, Packie walonjeza kuchotsa matumba onse m'khitchini yakale. Sorcha akufuna akavine nyimboyo ndi miyendo yake asanaigwirenso ndi uta. Foni yake idzakhala m'thumba, kudikira iwe.

Ndine mlongo wako,
Treasa